Bambo a Mkwatibwi Alibe Khadi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene matalala anagwa pa Lizulu n'kundiphera kabichi yense m'dimba. Anthu amati ndimawonjeza nkhani, koma matalala amenewo anali ngati mazira a nkhanga, ndipo limodzi linagwera m'ndowa ya mkazi wanga n'kukhala osasungunuka mpaka Lachinayi. Mufunseni Naphiri, ndowayo ikadalipo. Nditaima m'dimbamo, kabichi ataduliridwa kale ngati wokaphika, ndinamuuza kuti ndikupita, zaka ziwiri zokha.

"Ziwiri za pakalendala kapena ziwiri zanu?" anatero Naphiri.

Mwana wathu Tiyamike anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atachoka. Anandiperekeza mpaka pamsewu atagwira chala changa, akundiuza kuti ndisachedwe chifukwa Loweruka kuli mpira wa atsikana. Zaka zija zinakhala ziwiri zanga. Ndinatha zaka khumi ndi zitatu.

Ntchito ndinaipeza ku Laudium, mu Pretoria, yosamalira maluwa ndi kapinga kwa mayi wina amene tonse tinkangomuti Madamu. Anali munthu wabwino, ndipo malipiro ankandipatsa m'envelopu osaphonya tsiku. Kubanki ndinapitako kamodzi. Anafuna pasipoti yamoyo, chilolezo cha ntchito, ndi kalata yosonyeza kumene ndimakhala. Pasipoti yanga masiku anali atatha kale, ndipo kumene ndinkakhala kunali kuseri kwa galaja, pakati pa makina otchetchera kapinga ndi matumba a manyowa. Manyowa salemba kalata.

Zaka zoyambirira zimenezi sizinandivute. Ndalama inali ndalama. Ukaitulutsa, wogulitsa ankamwetulira. Kenako, mwakachetechete ngati chiswe, timakina tinayamba kumera pamakauntala. Munthu ankangogunditsapo khadi la kubanki, kamakina n'kulira kamodzi, iye wapita. Pazitseko panayamba kuoneka zikwangwani zonena kuti kuno ndalama zapamanja ayi.

Woyamba kundikana anali dalaivala wa basi zatsopano za mumzinda.

"Khadi, baba."

"Ndili ndi ndalama," ndinatero, n'kumuonetsa.

"Ndikuziona. N'zokongola. Tsikani."

M'sitolo yaikulu imene ndinkagulamo ufa ndi sopo munatsala tilu imodzi yokha yolandira ndalama, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chakudya cha agalu. Mtsikana wa pamenepo ankanyamula ndalama yanga ndi zala ziwiri, kuiunika pagetsi, kenako kuitana bwana wake kuti abwere ndi kiyi ndi tchenji. Bwanayo nthawi zonse ankakhala kutali, ndikuganiza ku Polokwane. Anthu kumbuyo kwanga ankausa moyo. Tsiku lina anausa onse nthawi imodzi, chipewa changa chinauluka n'kukatera pa shelefu ya shuga. Pali malemu bambo anga, chinateradi.

Ndiye ndinaphunzira kulipira ngati munthu wakuba. Kukonzeratu ndalama m'manja ndisanafike, kuiika pakauntala, maso pansi, kuchoka msanga. Tchenji chikachedwa, kuchisiya. Chachikulu n'chakuti pasakhale munthu woima chifukwa cha ine.

Ngakhale akuba enieniwo anasintha. Mnyamata wina anandiimitsa masanasana pasiteshoni ya Mabopane, mpeni m'manja. Nditatulutsa zimene ndinali nazo, anakwinya nkhope. "Eish, madala, mapepala? Foni yanu ilibe banki?" Anandilangiza kwa nthawi ndithu za ubwino wotsegula akaunti, kenako anatenga ndalamazo monyinyirika, ngati akundichitira chifundo. Kutchalitchi nako dikoni anayamba kuyenda ndi kamakina kumbuyo kwa mbale. Ife a mbale tinatsala anayi, ndipo ndalama yachitsulo ikagwa m'mbalemo mpingo wonse unkacheuka.

Amene anandipulumutsa anali Achimwene Sande. Iwo anabadwira ku Mabopane komweko. Agogo awo anachoka ku Dedza kalekale nthawi ya migodi ndipo sanabwerere. Ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Rosslyn, anali ndi mapepala onse, ndipo khadi lawo linkalemekezedwa paliponse. Loweruka ndinkawapatsa ndalama m'manja, iwo n'kundigunditsira khadi. Sankandilipiritsa kanthu. Ankangopereka maganizo.

"Sopo wonunkhira chonchi, achimwene? Mukufuna kusangalatsa ndani, makina a kapinga?"

"Ingogunditsani, achimwene."

"Ndigunditsa. Koma khadi langa lisamaoneke kuti likugula zinthu zopanda tsogolo."

Mwamuna wamkulu, wandevu zoyamba imvi, kugula kabudula wamkati pamaso pa mboni. Ndinapirira chifukwa kupatula iwo ndinalibe wina wonditchula achimwene.

Za kusungulumwa ndinene mosabisa, pano sindiseka kwambiri. Pasiteshoni ija panali mayi wogulitsa tomato pathebulo lamatabwa. Tomato wake anali wodula ndiponso wofewa, ndipo ine wa ku Lizulu ndimamudziwa tomato. Koma mayiyo ankalandira ndalama ndi dzanja lake, n'kundiikira tchenji m'chikhatho, n'kupinda zala zanga kuti ndisagwetse. Masabata ambiri dzanja lokhalo ndi limene linkandikhudza. Ndinkakwera tekisi ziwiri kukagula tomato amene sindinkamufuna. Nthawi ina ndinali ndi tomato wokwana maliro a mfumu, ndikukhala ndekha kuseri kwa galaja.

Kutumiza ndalama kumudzi kokha ndiko kunali kosavuta, ndipo mwina vuto linali lomwelo. Ndinkapereka kwa mkulu wina wa kasitolo pakona, iye n'kudinadina, ndisanatuluke n'komwe foni inali italira ku Lizulu. Poyamba Tiyamike ankalanda foni ya mayi ake n'kundiuza zonse: mbuzi yabereka, aphunzitsi amukwapula, mnzake wamubera pensulo. Atakula, mawu anayamba kufupika. Pomaliza panatsala atatu olemba: "Zafika. Zikomo Bambo." Kale ankanditi Ababa. Sindikudziwa mwezi umene anasiya. Ku Pretoria ndinali thupi lopanda nambala, kwathu ndinali nambala yopanda thupi.

Ndiye tsiku lina Naphiri anaimba. "Mwana wanu wapeza banja. Mphunzitsi, wa kwa Kachindamoto. Ukwati ndi mwezi wa mawa uno ukatha." Kenako anapereka foni kwa mwiniwake.

"Musavutike ndi ulendo, Bambo," anatero Tiyamike. Mawu a munthu wamkulu, aulemu, osalala. "Tikudziwa kuti n'kovuta. Mungotumiza, adzalengeza muholo."

Sananene mwachipongwe. Bola akanatero. Analankhula mmene munthu amalankhulira ndi bungwe limene lamuthandiza zaka zambiri. Ndinakhala pathumba la manyowa mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinaona kuti ndikapanda kupita, mwana ameneyu alowa m'banja lake akundidziwa ngati kulira kwa foni, ndipo sadzakhalanso ndi chifukwa chondidziwira mwina. Mawa lake ndinauza Madamu kuti apeze wina wa maluwa.

Suti ndinakagula ndi Achimwene Sande, pakuti sitolo yake inali ya chikwangwani chija. Ine ndinaloza yakuda. Iwo analoza ina yobiriwira mowala, ngati ntchentche zija zazikulu.

"Mkwatibwi ndi mwana wanga, achimwene."

"Khadi ndi langa, achimwene. Zaka khumi ndi zitatu sanakuoneni. Muvale yoti akuoneni."

Anagunditsa ndisanayankhe. Suti imeneyo inkawala ngakhale ili m'chikwama, moti m'basi mayi wina anandipempha kuti ndiizimitse mwana wake agone. Achimwene Sande anandiperekeza kokwerera basi. Kenako anati, "Mukandionereko phiri la Dedza. Agogo ankalinena tsiku lililonse. Mudzandiuze ngati lilikodi." Pachipata cha m'malire a dziko, akuluakulu a boma anandidindira chidindo chimene tanthauzo lake n'lakuti usabwerenso msanga. Ndinathokoza.

Phirilo lilikodi. Ndinaliona basi ikutsika, ndipo ndinachita ngati m'maso mwalowa fumbi. Ndalama zanga ndinasinthitsa kukhala makwacha akuluakulu, atsopano, n'kuwaika m'envelopu imodzi yonenepa. Ndinkati ndafika kumene ndalama imagwiridwa ndi manja. Koma pa Lizulu ndinapeza tinyumba ta ndalama za pafoni tili ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo amayi a kabichi atalemba manambala pamakatoni. Dziko silinandidikire.

Naphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaonda," anatero, n'kundilanda chikwama. Tiyamike anatuluka m'nyumba, wamtali kuposa mayi ake. Anagwada patali ndithu, dzanja lina litagwira mkono, n'kundipatsa moni wa mlendo wolemekezeka. Ine ndinkangoyang'ana mano ake. Onse analipo, oyera, olongosoka. Anamera ine kulibe. Anandibweretsera madzi, n'kupita kukayesa diresi. Masiku atatu otsatira ankandiyankha "inde Bambo" ndi "ayi Bambo".

Kutchalitchi zinayenda bwino. Vuto linachitika muholo, nthawi ya perekaniperekani. Pakona panali thebulo la makashiya, amene amasinthira anthu ndalama zazikulu kukhala zing'onozing'ono kuti woponya aponye nthawi yaitali akuvina. Ine ndinalidutsa osaliganizira. Woyendetsa mwambo anaitana anzake a mkwati, anaitana amayi a mpingo, kenako anayang'ana papepala lake.

"Tsopano bambo a mkwatibwi, amene atitumizira pafoni kuchokera ku Joni..." Wina anamunong'oneza. "Pepani, pepala langa ndi lakale. Akuti abwera okha, ndi thupi lomwe. Ndi awo akuwalawo."

Holo inaseka. Nyimbo inayamba. Tiyamike anaima pakati atanyamula dengu, maso pansi. Ndinanyamuka, ndipo achibale ananyamuka pambuyo panga kuti andiperekeze, amalume, azakhali, alamu, mzere wonse. Nditamva mapazi ambiri kumbuyo kwanga, thupi langa linachita zimene linaphunzira. Ndinatulutsa envelopu ndisanafike, ndinaiika m'dengu, maso pansi, n'kutembenuka. Woimbayo anali asanamalize n'komwe mzere woyamba.

Ndinali nditaponda kawiri pamene dzanja linagwira mkono wa suti.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Ndapereka, mwanangu. Anthu akudikira."

"Adikire." Anatulutsa envelopu ija m'dengu n'kuikankhira pachifuwa panga. Maso ake sanalinso pansi, ndipo anali ofiira. "Izi mukanatha kutumiza. Pitani kwa makashiya akakusinthireni. Zing'onozing'ono zenizeni."

"Zichuluka, amama. Tichedwa."

"Inu mukuopa kuchedwa, Ababa?"

Ndinapita kwa makashiya. Anakhuthula zonse zimene anali nazo, anabwereka zina m'madengu a anthu ena, n'kundipatsa m'jumbo. Ndalama zakale, zofewa ngati nkhwani wophika, zonunkhira anyezi ndi thukuta la msika. Ndinabwerera pakati, ndipo woimba nyimbo anaiyambanso.

"Imodziimodzi," anatero Tiyamike.

Ndinaponya imodzi. Anandiyang'ana. Ndinaponya ina. Kuvina ndinali nditaiwala, miyendo inkapita kwina mapewa kwina, ndipo iye anayamba kuseka, kuseka kuja kwa mwana amene ndinamusiya pamsewu. Pakati pa ndalama ndi ndalama anayamba kulankhula, osakweza mawu. Anandiuza kuti mpira wa Loweruka lija anagoletsa. Anandiuza kuti mayeso a fomu folo analemba akudwala malungo ndipo sanafune kundiuza. Anandifunsa ngati ndinkadya. Ine ndinkangoponya ndi kuyankha. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ndipo palibe amene anausa moyo. Azakhali ankalulutira, amalume ankavina pamalo amodzi ngati akupondaponda dothi loumbira njerwa.

Zaka zonsezo ndinkati kwathu akudikira zimene ndatumiza. Zimenezo zinkafika ine ndisanatuluke m'kasitolo. Chimene sichinkafika ndi munthu woima pamaso pawo n'kuchedwa.

Nyimbo ija anaibwereza kakhumi ndi kamodzi. Amayi a mpingo anakhala pansi n'kudzukanso. Mpunga unazizira, anautenthetsa, unaziziranso. Mkwati, amene analowa muholo atameta bwinobwino, anamera ndevu akudikira mkazi wake. Zimenezi ndikulumbira, ndipo zithunzi zilipo.

Koma jumbo inayamba kupepuka. Ndinachepetsa liwiro, ndinayamba kuwongola ndalama iliyonse ndisanaponye, komabe zala zinafika pansi pa jumbo. Zinatsala zitatu. Tiyamike anasuzumira m'jumbomo. Kenako anapisa dzanja m'dengu lake, anatapa zodzaza chikhatho, n'kuzibwezera m'jumbo yanga, makashiya akuona, woyendetsa mwambo akuona, holo yonse ikuona.

"Simunamalize," anatero.

Apa pokha sindilumbira. Ndinaponya ina.