Kamzere ka Mai Mbola

Azakhali anga anthu amawatchula Mai Mbola, ndipo dzinali silinachokere ku njuchi zawo zokha, pakamwa pawonso pamaluma. Ming'oma yawo khumi ndi iwiri ili pa kamzere ka tchire pomwe nkhalango imathera, dambo n'kuyamba. Malowo ngosasangalatsa m'maso: zitsamba zaminga, timitengo tolekeza m'chiuno, ziyangoyango zokola miyendo. Koma maluwa a m'nkhalango akayoyoka, a m'dambo asanayambe, kamzereka ndi kamene kamachita maluwa. Katachoka, njuchi zingathawe njala.

Chaka china kunabwera kapitawo watsopano wa zankhalango ndi gulu lake la zikwanje. Ankafuna kulambula njira yotchinga moto, ndipo pamapu ake njirayo inkadutsa pakamzere pomwepo.

"Mayi, ili ndi tchire chabe," anatero kapitawo. "Si nkhalango, si dambo."

"Nanga khonde la nyumba yanu, bambo? Si chipinda, si bwalo. Munaligumula?"

Kapitawo anaseka, koma sanagonje. Anati anthu ake sangagwire ntchito m'matope. "Ngati mukufuna njira idutse kudambo, lambulani nokha. Mapazi khumi m'lifupi, udzu usanaume. Ndakupatsani milungu itatu."

Ankayesa wawatseka pakamwa. M'mawa mwake azakhali anali m'matope ndi chikwakwa, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, misundu ikuwayamwa m'miyendo. Ine ndili kutauni ndinawakalipira pafoni, poopa kuti afera m'dambo chifukwa cha minga.

"Uzikalipa ukubwera ndi chikwakwa," anandiyankha, n'kudula foni.

Sindinapite. Manyazi ake ndikadali nawo.

Tsiku lomaliza kapitawo anayeza njira yonse ndi mapazi ake, n'kupeza kuti pakona pakuperewera awiri. Azakhali sanatsutse. Anamuimika padzuwa pomwepo mpaka iwo atamaliza kutchetcha mapazi awiriwo, ndipo gulu la zikwanje linabwerera osadula chitsamba n'chimodzi chomwe.

Vuto la udzu n'lakuti umameranso. Azakhali alambula njirayo kasanu ndi kawiri tsopano, koma chaka chino mawondo akana. Sanandipemphe kanthu, si khalidwe lawo. Anangondiuza pafoni kuti zitsamba zayamba maluwa, ndipo udzu wayamba kufiira kunsonga.

Ndinapempha tchuthi kuofesi tsiku lomwelo. Nditafika ndinapeza chikwakwa chili chotsamira pakhomo, chonola kale.