Mlendo wa ku Dedza ku Nyalugwe

Mpingo wathu utandipezera malo pa sukulu ya zaulimi ku Petauke, anzanga ku Dedza ankandiseka kuti kunja kwanga n'kwa pakhomo. "Zambia ndi kunja? Chinyanja chomwechi!" Inenso ndinkaganiza choncho mpaka nditafika.

Mawu a kumeneko ankamveka ngati athu, koma ankanditaya panjira. Sabata yoyamba aphunzitsi anati mayeso ndi mailo. Ndinafunsa mtsikana wa ku Katete amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, iye n'kuti mailo ndi dzulo. Ndinalira kuti mayeso andipita. Atatha kuseka anandiuza kuti mailo ndi mawanso, umangomvera mmene munthu wayankhulira. Kumsika amayi ankayankhulana Chinsenga, ine n'kumangovomera ndi mutu. Masiku ankatha motero: m'mawa m'kalasi, masana kudimba la sukulu kuthirira repu, madzulo kuchapa.

Kumbuyo kwanga m'kalasi kunkakhala mnyamata wina wamtali, wosayankhulayankhula, wa ku Nyalugwe m'boma la Nyimba. Tsiku lina anandimva ndikudandaula kuti ndidzabwerera kwathu osaona mtsinje wa Luangwa.

"Ni kufupi na kwathu," anatero. "Tiyeni pa Chiwelu, mukaone na mvuu."

Tinapangana kupita atatu ndi mnzanga wa ku Katete uja. Koma m'mawa wa Loweruka, lomwe iwo amati Chiwelu, iye anadzuka atagwira tsaya, akuti dzino. Ndinati tisinthe tsiku, iye anakana. "Pitani chabe, mukaniuze."

Tinakwera minibasi mpaka pa Nyimba, pomwe tinagula nthochi, kenako kalole kodzaza matumba a feteleza. Msewu unali wafumbi lokhalokha. Titatsika, mnyamata uja anati tidzere kaye kunyumba tikapereke moni, mtsinje suthawa.

Ndinavala chitenje changa monga ndinaleredwera. Pakhomo tinapeza anthu ambiri kuposa amene ndinkayembekeza, ndipo bwalo linali losesedwa bwino. Ndinagwada kupereka moni kwa mayi ake. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, akundiyang'ana kumaso ndi kumapazi. Bambo ake, nditangoti ndiwayandikire, ananyamula mpando wawo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, n'kumandiyankha moni ali komweko. Ndinadzifunsa ngati ndalakwitsa kagwadidwe.

Mnyamata uja anangosowa, osaonekanso. Ine anandikhazika pamphasa pakati pa amayi. Azakhali ake, mayi onenepa a mawu aakulu, ndiwo ankafunsa mafunso m'Chinyanja kuti ndimve.

"Mupemphela kuti, amai?"

Ndinawauza.

"Kulima mumakwanisa, olo ni vamabuku chabe?"

Ndinati kwathu timalima mbatata ya kachewere, khasu ndinaligwira ndili wamng'ono. Amayi onse anayang'anana n'kuvomereza.

"Amalume anu alipo? Ni anthu omvana nawo?"

Ndinati alipo awiri, ndipo wamkuluyo ndi wofatsa kwambiri. Ndinawonjezanso kuti amakonda alendo. Apa wina anaomba m'manja. Ine ndinasangalala kuti anthu a kuno amafuna kudziwa za Malawi.

Nkhuku inaphedwa. Nditati ndithandize kusosola, anandiletsa, kenako azakhali aja anati andisiye aone. Ndinasosola anthu atandizungulira ngati ndikuchita zamatsenga. Mchemwali wake wa mnyamata uja, yemwe anali ndi mwana kumsana, anabwera ndi madzi. "Sambani m'manja, amulamu."

Mawu amenewo ndiye ndinawamva bwinobwino. Komabe ndinaganiza kuti mwina kuno mlamu ndi mlendo aliyense wamkazi, pajatu mawu awo anali atandipusitsapo kale. Ndinayankha kuti zikomo. Ndinasamba, tinayamba kudya.

Nditadya ndinapempha kupita kuseri, n'kukamupeza mnyamata uja ali kukhola la mbuzi, akumanga chitseko chimene sichinali chothyoka.

"Kodi anthuwa munawauza kuti ndine ndani?"

"Ninakamba chabe kuti nibwela na mlendo wa ku Malawi."

"Nanga zonditcha mlamu zachokera kuti?"

Anayang'ana mbuzi. "Ni mmene alili aja. Osawamvela."

"Ndiye kawauzeni."

"Nizawauza bwino, nikabwela nekha. Lelo angachite manyazi."

Ndinamufunsa za mtsinje. Anayang'ana dzuwa n'kunena kuti kwatsala mtunda ndithu, tikapita kalole kobwerera katisiya. Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndiseke. Nkhope yake inali yomweija ya m'kalasi, yosaonetsa kanthu.

Potsanzikana, mayi ake anandipatsa mtedza m'kathumba ndi nkhuku yathadzi yamoyo, yomanga miyendo. Anayankhula Chinsenga chachitali, ine ndinatolapo mawu amodzi okha, akuti Dedza. Bambo aja anakweza dzanja ali kuseri kwa nkhokwe. Njira yonse yobwerera nkhuku inali pamiyendo panga, ndipo mnyamata uja anangondifunsa ngati fumbi likundivuta.

Kuchipinda ndinapeza wadzino uja akutafuna chimanga chokazinga. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, n'kugwa pabedi ndi phwete. Ndinamukakamiza kuti anene ngati ankadziwa kanthu. Analumbira kuti dzino linamupwetekadi, linangopola masana. Mpaka lero sindidziwa amene anakonza zimenezi, kapena ngati panali wokonza n'komwe.

Nkhuku ndinakaisunga kukhola la sukulu. Lolemba m'kalasi, aphunzitsi akulemba pabolodi za matenda a thonje, mnyamata uja anandikodola kumsana ndi pensulo.

"Amama akuti nkhuku ija musaphe, ili pafupi kuikila."

Ndinatembenuka kuti ndimufunse ngati anthu aja anawauza zoona. Iye anali atawerama kale, akukopera za pabolodi. Ndinangoti, "Chabwino."