Dothi Langa M'munda mwa Mnzanga

Munda wa chonde ndinaukana ndekha, ndipo anautenga mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga.

Zinachitika kwa Kawinga, nkhondo ya azungu itangotha. Ndinali nditachoka kwathu ku Phalula kudzakhala pachikamwini. Atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, anatitenga akamwini awirife m'chilimwe kukationetsa malo. Poti ndinakwatira wamkulu, woyamba kusankha ndinali ine.

Malo ena anali kunsi, pachidikha: makande akuda, ouma gwa, a ming'alu yolowa dzanja. Khasu linkangonjanja. Ena anali m'mbali mwa phiri, dothi lofiirira, lofewa, udzu wolekeza m'chiuno. Ndinaloza kumtunda.

"Mwaonetsetsa, akamwini?" anafunsa atsibweniwo.

"Ndaona."

Sindinakumbe. Mkamwini watsopano safunsafunsa za nthaka pamaso pa eni mudzi, angamuyese wosadziwa khasu.

Ndinazindikira pogalauza. Dothi labwino linali lakuya chikhatho chimodzi, pansi pake nsangalabwi zokhazokha. Mizere ndinailozetsa kunsi, poti kugaula chokwera phiri sikupweteka msana. Mvula yoyamba inasandutsa khwawa lililonse ngalande. Madzi ofiira anatsika ndi dothi langa n'kukaliyala bwinobwino m'munda wa mnzangayo.

Mnzangayo anandipeza nditaima m'malire, ndikuyang'ana.

"Achimwene, katundu wafika," anatero. "Chaka chamawa mutumizenso. Koma miyalayo sungani, ndi yanu."

Ndinaseka nawo, mano okha.

Makande aja atamwa madzi anatseka ming'alu yonse. Chimanga chake chinabiriwira mpaka kuda, chinandipitirira msinkhu, mapesi ena ana awiriawiri. Changa chinamasula chili m'chiuno, chachikasu. Njira ya kumunda kwanga inkadutsa pakati pa munda wake, ndipo tsiku lililonse ndinkawerenga zisononkho za mzere wa m'mbali mwa njira, ngati kuti zichepa. Ndinkazonda mapesi ake kufuna kapuchi. Sindinam'peze.

Iye anamanga nkhokwe yachiwiri. Yanga inaonetsa pansi mvula isanabwerenso. Mkazi wanga anayamba kupita ndi lichero kwa mng'ono wake, akudzera kuseri kwa nyumba. Wamkulu kupempha kwa wamng'ono! Apongozi aakazi analeka kundiyankha moni wam'mawa. Kumeneko mkamwini wa nkhokwe yopanda kanthu amam'tulutsira mphasa panja, ana n'kutsala.

Chaka china mvula inachuluka, chidikha chinadzaza madzi, chimanga cha mnzanga uja chinafiira. Ndinkatsika kukam'pepesa kawiri pa tsiku, mtima uli mbee. Chaka chotsatira pamalo ponyowapo anawokapo mpunga. Anakolola.

Kenako boma linakhwimitsa malamulo a malimidwe. Kunabwera mlangizi pa njinga, ndi chingwe ndi zikhomo. Kwa mnzanga sanakhalitse, anangoti akumbe ngalande yotaya madzi. Kwanga anatha theka la tsiku. Anabaya ndodo pansi, inagunda mwala.

"Apa n'potsetsereka kwambiri, bambo, ndipo nthaka ndi yosaya. Chimanga ayi. Kumtundaku siyirani mitengo. Pakatipa mizere ipingase, muunde akalozera, milambala yotchinga madzi, mubzale nandolo ndi chinangwa."

Anthu ambiri akalozerawo ankadana nawo, ena mpaka kukokeredwa kubwalo. Ine ndinaunda milambala ikuluikulu kuposa imene anandiyezera, ndipo mlangizi ananditama pagulu. Sanadziwe chifukwa chake. Sindinafune kuti dothi langa, ngakhale lodzaza chipande, lifikenso kunsi kuja.

Nandolo anabereka, chinangwa chinachita mwapakati. Koma apongozi ankayeza mkamwini ndi chimanga. Titakolola, atsibweni anasuzumira m'nkhokwe yanga.

"Loweruka mubwere ndi khasu," anatero. "Kwatsala kachigawo kuseri kwa dambo. Ulendo uno mukumbe. Mukakapezanso miyala, tidzakambirana za njira ya ku Phalula."