Laputopu Yokana Magemu

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Khutu. Dzinali silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutu awo, ngakhale kuti nawonso Mulungu sanawamane. Linachokera ku galaja. Galimoto ikamalowa pageti, iwo asanatsegule n'komwe boneti, amapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Phokoso limeneli ndi la lamba wa fani, watsala pang'ono kuduka." Ukatsegula umapezadi zomwezo. Umakaniko anauyamba adakali mnyamata, atasiya sukulu bambo athu atamwalira, kuti enafe tipitirize. Ine ndinaphunzira ndi mafuta a m'zikhadabo zawo, choncho ndikamawanena ndimawanena ndi ufulu wa mlongo wawo. Wina akayerekeza kuwanena ndingamulume.

Mbiri yawo yaikulu ili pa magalimoto akale. Munthu akafuna kugula galimoto yoti inayendapo kale, amayamba wadutsa ku galaja kudzatenga a Khutu. Iwo amafika, kuizungulira, kugogoda chitsulo ndi chala, kuikankha kuti amve kulemera kwake, kenako n'kuika khutu pa injini. Chonyezimira sachikhulupirira, chopepuka amati n'chabodza. Ndipo ali ndi lamulo limodzi lomwe amaliphunzitsa aliyense: wogulitsa samufunsa mafunso. "Ukamufunsa, wamuuza kuti sukudziwa. Ukamuuza kuti sukudziwa, wamupatsa mpeni ndi khosi lomwe." Lamuloli lawapulumutsa anthu ambiri, sindingakane.

Mwana wawo wamkazi timamutchula Nambala, chifukwa ali wamng'ono ankawerenga manambala a magalimoto onse olowa m'galaja n'kumawakumbukira. Ndiye anakhala woyamba m'nyumbamo kupita ku koleji, kukaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Fizi ankamulipirira ndi bungwe lina lothandiza atsikana, koma linali ndi mfundo yake youma: ukalephera phunziro limodzi, ngakhale udzakhoze pobwereza, chithandizo chatha. Bungwelo silinkagula laputopu. Imeneyo inali ntchito ya bambo ake.

A Khutu ndi Nambala anapita limodzi ku shopu ina ya magalasi okhaokha, yozizira m'kati, malaputopu atandandalika patebulo loyera. A Khutu anali atasamba m'manja ndi sopo wa ufa mpaka khungu kuwawa, koma mafuta a zaka zonsezo samvera sopo.

"Takulandirani, bambo. Mukufuna ya ntchito yanji?" anafunsa wogulitsa.

Anayankha ndi Nambala. "Ya kusukulu. Ndizilembera mapulogalamu, komanso ikhale yoti magemu azitha kuyenda bwino."

Wogulitsa anawalozera ina yopyapyala, yamagetsi ofiira pamabatani. A Khutu anawerama n'kuwerenga kapepala ka mtengo. Thumba lawo silinkafika ngakhale m'mawondo mwa mtengo umenewo. Anadzandiuza pambuyo pake kuti anaona ngati wogulitsa uja akuyang'ana zikhadabo zawo. Manyazi a munthu wamkulu satuluka ngati manyazi, amatulukira ku ukali.

"Magemu? Ine ndikukutumiza kusukulu kapena kosewera?"

"Ayi adadi, magemuwo ndiye amene..."

"Mwana wa aneba uja anathera kuti? Si magemu omwewo? Pano amangokhala pakhonde kukanda foni, ndevu pepeya."

"Adadi, tamverani kaye. Uko kuli zina zogwiritsidwapo kale, zotchipa, zomwe zingathe..."

"Tiye kunyumba."

Anatuluka patsogolo, mwana akutsatira pambuyo. Ndisawanamizire, za magemuzo ankazikhulupiriradi. Kwa iwo gemu ndi kubetcha n'chimodzimodzi, zonse zimadya ana a anthu. Koma tsiku limenelo mawuwo anawagwiranso ntchito ina, yobisira thumba.

Patapita masiku anapita okha, osauza munthu, ku kashopu kena ka kuseri kwa msika, komwe amakonza mafoni ndi mawailesi. Kumeneko ndiye anamva kuti ali kwawo: mawaya pansi, fungo la mtovu wowotcha, mwini wake wamanja akuda ngati iwo. Sanafunse funso ngakhale limodzi, monga mwa lamulo lawo. Anangolamula.

"Ndikufuna laputopu yolimba, ya mwana wa sukulu. Koma ikhale yoti akaikamo gemu izikana."

Mwini shopu anawayang'ana kaye kuti aone ngati akuseka. Ataona kuti sakuseka, anamwetulira mpaka mano a kumapeto. "Bwana, mwafika penipeni. Ndili nayo imodzi, gemu siyerekeza n'komwe."

Anaitulutsa pansi pa shelefu n'kuipukuta fumbi ndi malaya ake. Inali yakuda, yochindikala, yolemera ngati batire ya galimoto. A Khutu anainyamula n'kugwedeza mutu movomereza. Anaigogoda pamsana, inalira mokhutiritsa. Ataiyatsa, fani yake inayamba kulira ngati basi pachitunda. Iwo anaika khutu, kutseka maso, n'kunena kuti, "Injini ndi imeneyi." Mtengo wake unali wofikirika, mpaka anatsala ndi kogulira chikwama.

Anadutsira kwa ine asanafike kwawo, kuti ndione. Anaiika patebulo langa, tebulo n'kudandaula.

"Tainyamula, mlongo. Chitsulo chenicheni. Osati timapepala tija ta mu shopu ya magalasi."

"Achimwene, mwamufunsa mwiniwake?"

"Ndifunse mwana? Iwe ukudziwa magalimoto angati amene ndasankhira anthu m'tauni muno?"

"Paja safunsa anadya phula."

"Ndiye iweyo sukulu imene ndinakulipirira unangophunzirako miyambi basi?"

Tinaseka. Nanenso za makompyuta ndimangodziwa poyatsira, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Nambala anailandira ndi manja awiri. Anaitsegula, kudina apa ndi apo, n'kuwerenga zina pasikirini. Bambo ake anali chiimire pambali pake, akudikira. Kenako mwanayo anadzutsa mutu. "Zikomo adadi. Ndi yolimba." Sananame, pajatu inalidi yolimba.

Chaka chonse anainyamula. M'mawa uliwonse ankatuluka phewa limodzi litapendekeka, chaja chake chokhala ngati njerwa chikumumenya m'chiuno. A Khutu ankamuonera pageti la galaja n'kumauza makasitomala kuti, "Mwamuona uyo? Makina ali kumsanawo ndinasankha ndine, ndi khutu lomweli." Chimene sankadziwa, ndipo tonse sitinkadziwa, n'chakuti phunziro lalikulu la chaka chimenecho linali lopanga gemu. Wophunzira aliyense ankayenera kulemba gemu yakeyake n'kudzaionetsa ikuyenda kumapeto kwa chaka. Laputopu ya a Khutu inkachita zomwe anaigulira: inkakana. Nambala ankalembera pa laputopu ya mnzake wina wa m'kalasi, mtsikana wamfupi wovala magalasi, nthawi imene mwiniwakeyo akudya kapena akupuma. Ya bambo ake inkagona m'chikwama mpaka nthawi yoweruka.

Za tsiku loonetsa magemu Nambala sanatchule kunyumba. A Khutu anazimvera ku galaja, kwa kasitomala wina yemwe mwana wake anali m'kalasi yomweyo. Kasitomalayo anangoti ana akaonetsa ntchito zawo za pakompyuta ndipo makolo akuloledwa. Achimwene anatseka galaja, kuvala jekete la ukwati wawo lomwe mabatani ake anasiya kalekale kukumana, n'kudzanditenga. "Tiye ukaone makina anga akugwira ntchito."

Holo yake inali yodzaza. Kutsogolo kunali tebulo ndi sikirini yaikulu pakhoma, ndipo ophunzira ankabwera mmodzimmodzi kudzalumikiza laputopu. Ife tinakhala mzere woyamba, chifukwa a Khutu sakhala kumbuyo. Woyamba atayatsa, pasikirini panaoneka kamunthu kakudumpha maenje. Wachiwiri, timagalimoto tothamanga. Achimwene anamanga tsinya n'kundinong'oneza, "Nanga ntchito zawozo ayamba liti?" Wachitatu ataonetsanso gemu, mphunzitsi n'kumalemba malikisi, ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Sanandinong'onezenso.

Dzina la Nambala litaitanidwa, anadzuka kumbali kwa holo. Mnzake wamagalasi uja anali atamutambasulira kale laputopu yake yopyapyala. Nambala anatambasula dzanja, ndiye pomwe anatiwona. Anayang'ana bambo ake ndi jekete lawo, dzanja lija n'kubwerera. Mnzakeyo anamukankhira laputopuyo ndi mphamvu, akunong'ona, koma iye anapukusa mutu. Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa chinthu chija.

Itangofika patebulo, ena kumbuyo anayamba kale kutsokomola chiseko. Inatenga nthawi kuyaka. Fani inayamba kulira, ndipo wina anafuula kuti, "Tsekani mawindo, ndege ikunyamuka!" Pasikirini panaoneka msewu wokongola ndi kamtsikana kokwera njinga. Kanapalasa kamodzi, kawiri, n'kuuma mwendo uli m'mwamba. Nambala anadina, kudikira, kuzimitsa, kuyatsanso. Ulendo wachiwiri kamtsikanako sikanaoneke n'komwe. Holo yonse inali chikhakhali.

Mphunzitsi wake si munthu woipa, ankangofuna kupeputsa zinthu. Anayandikira, kuinyamula pang'ono laputopuyo, n'kunena moseka, "Koma mwana iwe, anakugulira chimenechi ndani? Ameneyo sakufunira zabwino."

Ndinamva achimwene akuuma pambali panga. Zipewa zonse za m'dziko sizikanakwana kubisa nkhope imeneyo. Ine ndinkafuna pansi patatseguka, ndipo si ine amene ndinagula.

Nambala sanayang'ane kumene tinakhala. Anayankha momveka bwino, mawu osanjenjemera. "Ndinasankha ndekha, aphunzitsi. Sindinkadziwa."

"Wophunzira makompyuta osadziwa kusankha kompyuta?" anatero mphunzitsi, anthu n'kusekanso. Analemba zolemba zake n'kuitana wotsatira.

Ndinadikira kuti achimwene adzuka. Munthu amene amakalipira madalaivala a malole akuluakulu, amene sanagonjepo pa mkangano uliwonse m'banja mwathu, ndinkati aimirira n'kunena kuti ndine. Sanadzuke. Anakhala manja ali pakati pa mawondo, maso ali pa nsapato zawo, mpaka mwambo wonse unatha. Potuluka anadzera khomo lakumbali ndipo sanamudikire mwana. Ndinakwiya nawo njira yonse, koma nditawayang'ana pamalo okwerera basi mkwiyo unandithera. Jekete lija anali atalivula n'kulipinda mkati kunja, ngati analiba.

M'mawa mwake Nambala anadzuka monga mwa masiku onse, kuika laputopu ija m'chikwama, n'kuponya kumsana. Alamu anga ndiwo anandifotokozera. "Adadi, ndapita," anatero ali pakhomo.

A Khutu ankamanga zingwe za nsapato, ndipo sanadzutse mutu. "Isiye imeneyo."

Mwanayo anaima.

"Ndati isiye, mayi. Loweruka tipita limodzi. Ukalankhule ndiwe."

Nambala anaitulutsa n'kuiika pampando, n'kunyamuka ndi chikwama chopanda kanthu. Lowerukalo anapitadi ku shopu ya magalasi ija. Anasankha ya pa shelefu ya zogwiritsidwapo kale, yokandika pakona, atamufunsa wogulitsa mafunso ambirimbiri bambo ake ali chete. Mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa chinthu chija. Zimenezi achimwene zinawapweteka kuposa ikanakhala yodula.

Gemu yake anakaionetsanso pa mayeso obwereza ndipo inayenda, kamtsikana kaja kanapalasa mpaka kumapeto kwa msewu. Anakhoza bwino. Koma bungwe lija silinasinthe mfundo yake, chithandizo chinatha. Kuyambira pamenepo, pofuna kupeza fizi, galaja ya a Khutu sitseka ngakhale Lamlungu, ndipo anayamba kulandira malole, ntchito imene anali ataisiya chifukwa cha msana. Anthu amabwerabe kudzawatenga akafuna kugula galimoto, ndipo khutu lawo silinaphonyepo. Koma za makina a mwana wawo makasitomala sanamvenso.

Nkhani ya mu holo ija achimwene ndi mwana wawo sanaikambepo mpaka lero. Anaikamba ndi ine, masana ena nditawapeza ali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Mwina chifukwa sindinkawaona nkhope ndiye anatha kulankhula.

"Mlongo, kuseka kwa anthu kuja sikundivuta. Anthu amaseka."

"Nanga chikukuvutani n'chiyani, achimwene? Mwana anakhoza."

Sipanala inasiya kulira.

"Mwana wanga uja sadziwa kunama. Kuyambira ali wamng'ono, akanama amachita chibwibwi, umudziwa. Koma tsiku lija anayankha mosakhumudwa ngakhale liwu limodzi." Anaika sipanala pansi. "Ndiye kuti si koyamba. Chaka chonse anthu akhala akumufunsa funso limenelo, iye n'kumayankha choncho, ine ndili pageti apa kumadzitama."