Eufemia Nasoni, Mayi Amene Ankaopa Kulembedwa Dzina

Abale anga owerenga, mukadzafika pa Limbuli tsiku la msika, maso anu asadzathere pa anthu ofuula malonda. Mudzayang'ane kuseri kwa milu ya nanazi, pamene pamakhala mayi wina wamfupi, wa imvi, ali ndi beseni la kalongonda patsogolo, nyemba zija zimene zimapweteka munthu zikapanda kupsa bwino. Saitanira malonda. Mukawapatsa moni amayankha maso ali pansi. Dzina lawo ndi Eufemia Nasoni, ndipo ndikupempha kuti muime pang'ono muone moyo wachete umenewu, pakuti Mulungu ali ndi chizolowezi chosenzetsa katundu wake anthu amantha.

Mayi Nasoni anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambiki. M'chaka cha 1986, nkhondo ili pakati, kumudzi kwawo kunafika anthu a mfuti atagwira pepala. Anasonkhanitsa mudzi wonse pabwalo nayamba kuwerenga mayina. Aliyense wotchulidwa ankakwezedwa m'galimoto, ndipo palibe amene anaonekanso. Dzina la amuna awo linali lachitatu. Mayiwa anawoloka mtsinje ali ndi mwana kumbuyo, nalandiridwa ndi banja lina la kuno, nayamba kuthyola tiyi.

Nkhondo itatha, othawa kwawo ankalembedwa mayina kuti malole awabwezere kwawo. Mayi Nasoni sanapite kukalembetsa, chifukwa kumudzi kunatsala manda okhaokha. Kuyambira pamenepo, aliyense wofunsa kwawo ankamutchulira mudzi wa banja lija linawalandira. Ankakhulupirira kuti tsiku lina boma lidzazindikira, lidzawatenga. Akaona munthu wa cholembera m'thumba la malaya, ankamulambalala.

M'chaka cha 2002 matenda anachuluka m'midzi yathu, zipatala zinadzaza, ndipo odwala ambiri ankagona m'makomo popanda wowatembenuza. Mpingo wathu unakhazikitsa gulu la anthu asanu ndi atatu losamalira odwala m'makomo. Ine, monga mlaliki wamba, ndinali mmodzi wa iwo. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, a Chester, anatiphunzitsa kwa sabata yathunthu: kusambitsa munthu wosadzuka, kutsuka zilonda titavala magolovesi, kuphika phala loti wodwala ameze. Anatipatsa chikwama cha zipangizo, zitenje zofanana, ndi kaundula wolembamo odwala.

Posankha wapampando, manja onse analoza mayi Nasoni, popeza tinali titaona kale kuti odwala sankakana phala lochokera m'manja mwawo.

"Ine ayi, abale," anatero mayiwo. "Kulemba sindidziwa, lilime langanso n'lolemera."

"Kulembako tisiyireni ife, amayi," anayankha a Stella, mayi wa sukulu amene tinawasankha kukhala mlembi. "Inu muzingoyenda patsogolo, mwamva?"

Anavomera, koma osati chifukwa cha kulimba mtima. Ankaopanso kukana.

Kayendedwe kathu tinakatenga kumene tinakazolowera, ku maulendo a mpingo okaona anthu. Tinkapita tonse pamodzi, tikuimba kuyambira kunjira. Tikafika pakhomo, a Stella ankatsegula kaundula n'kuwerenga mokweza dzina la wodwala ndi mudzi wake, kuti tisalakwitse nyumba. Kenaka ine ndinkapemphera. Nthawi iliyonse imene dzina linkawerengedwa, mayi Nasoni ankabwerera kumbuyo kwa gulu, zala zawo zikupotokola nsonga ya chitenje. Sananene kanthu kwa miyezi itatu. Ankati mumtima mwawo, ophunzira ndiwo akudziwa.

Kumalire a munda wa tiyi, kumene njira imayamba kukwera phiri, kunkakhala bambo wina wachikulire yekha, a Americo Mwakhiwa, woluka madengu othyolera tiyi. Iwonso anachokera kutsidya pa nthawi ya nkhondo. Oyandikana nawo anatiuza kuti bambowa akhala akutsokomola kuyambira nthawi ya dzinja, ndipo tsopano akulavula magazi. A Chester atamva anati chimenecho chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, chimene chili ndi mankhwala ngati munthu afulumira.

Tinapitako m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chiperoni chitatsika m'phiri. Inu a kutali, chiperoni ndi nkhungu yozizira ya mvula yowaza, imene imalowa mpaka m'mafupa. Tinaima pakhomo tikuimba. Chitseko chinali chotseka, koma utsi unkatuluka padenga. A Stella anatsegula kaundula.

"Americo Mwakhiwa. Kwawo ku Mozambiki. Bambo, mukonzeke, galimoto ibwera kudzakutengani."

M'nyumbamo munali zii. Ndinapemphera, tinaodira, tinagogoda. Titakankha chitseko tinapeza mphasa idakali yofunda, bulangeti lili pansi, nsapato zili pakhomo. Kuseri, mpanda wa bango unali utang'ambidwa. Munthu wolavula magazi anali atathawira m'chiperoni wopanda chofunda.

A Chester anafika panjinga, ndipo atamva nkhope yawo inasintha. "Ndi mapapo otere, kuzizira uku sangafike nako madzulo," anatero. "Balalikani, muwaitane."

Tinabalalika m'mizere ya tiyi. Amuna ena a m'mudzi anatithandiza, wina anabwera ndi wenzulo, wina ndi galu. Dzina la a Americo linkamveka uku ndi uku m'nkhungu. Mayi Nasoni okha anatsala pabwalo, atagwira mtengo wa khonde. Anandiuza pambuyo pake kuti pa nthawi imeneyo sankaonanso tiyi. Ankaona bwalo la kumudzi kwawo, pepala, ndi msana wa amuna awo. Anazindikira kuti dzina lililonse limene tinkafuula linkamukankhira munthuyo kutali, ndi kuti mwa ife tonse, wodziwa zimenezi anali iwo okha.

"Lekani," anatero. Mawu anatuluka ochepa, palibe anamva. Anapita kwa mwini wenzulo namugwira dzanja. "Ndati lekani. Itanani anthu onse abwerere."

Titasonkhana, a Stella anawayang'ana modabwa. "Lero wapampando apeza pakamwa? Tikhale pansi munthu akufa?"

"Achemwali, munthuyu sakuthawa matenda. Akuthawa ife. Mwamutchula dzina kuchokera m'pepala, mwatchula kwawo, mwatchula galimoto. Kumene anachokera, zitatu zimenezo zikatsatana ndiye kuti munthu watha. Vulani zitenjezo, galuyo mumange, aliyense apite kwawo."

"Mayi," anatero a Chester, "tikabalalitsa anthu, bambowa n'kufera kutchire, mlandu udzakhala wa yani?"

Ndinali pafupi ndi mayi Nasoni. Anali asanayambe ayankhapo munthu wa boma chiimire.

"Udzakhala wanga," anatero. "Inu a Chester mutsale pano ndi bukulo. Musasunthe mpaka nditakuitanani."

Anatola bulangeti lija nalowera kumtsinje. Ankadziwa kuti munthu amene anaphunzira kuthawa pa nkhondo sakwera phiri, kumene amaonekera patali. Amatsikira kumadzi, kumene mapazi sasiya chizindikiro, n'kubisala pansi pa gombe. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera okha, nandilola kuzilemba.

Anayenda m'mbali mwa madzi osaitana, akungomvetsera. Chimene chinawulula a Americo ndi chifuwa, pakuti chifuwa sichibisika. Anali atadzipinda pansi pa mizu ya nsungwi, miyendo ili m'matope. Mayi Nasoni sanawayandikire. Anakhala pamwala chakutali, atawafulatira, naponya bulangeti chakumbuyo. Kenaka anayamba kulankhula m'Chilomwe cha kwawo, ngati munthu wodandaula yekha, za kuzizira kwa chaka chimenecho ndi za nandolo amene anachedwa kuchita maluwa.

Patapita nthawi anamva bulangeti likukokedwa.

"Ali angati?" anafunsa a Americo.

"Ndili ndekha, achimwene."

"Andilemba."

"Akulembani, inde. Koma akuti ndi buku la odwala, kuti mulandire mankhwala. Mukapanda kuwalandira, chifuwachi chikutengani msanga kuposa galimoto."

"Akuti," anabwereza bambowo, natsokomola nthawi yaitali. "Inu chilankhulo chanuchi n'cha kwathu. Pa mtsinje uja tinawoloka tonse. Kodi inu anakulembani kuti ndinu wa kutsidya?"

Mayi Nasoni akanatha kunama, monga ankachitira zaka zonse. Koma tsiku limenelo sananame.

"Ayi. Ndimatchula mudzi wa eni."

"Ndiye mukundiuza kuti madzi ndi osaya, inu muli pamtunda?"

Abale anga, pamenepo ndi pamene panali mayeso. Mayiwa sankadziwa ngati kaundula uja sapita ku boma. Anali ndi mwana wamkazi wokwatiwa kuno, adzukulu awiri, ndi kamunda ka chinangwa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akatchula kwawo, zonsezi akhoza kuzisiya. Kumbuyo kwawo munthu ankapuma movutikira, ndipo nkhungu inkakulirakulira.

"Ndiyamba ndine kuponda," anatero. "Inu muonerere."

Anakwera pamtunda naitana a Chester okha. Anawapempha kuti akhale pansi pamatope, asaime, ndipo mlangiziyo anamvera. Wodwala chifuwa chachikulu amafunika munthu womuyang'anira kuti azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo amalembedwa pambali pa dzina la wodwala. Mayi Nasoni anati alembedwe iwo. Anatchula dzina lawo, dzina la bambo awo, mudzi weniweni umene anabadwira kutsidya, ndi chaka chimene anawoloka. Mawu ankaduka, koma anamaliza. Atatero anatseka maso, kudikira chimene chingatsatire.

A Chester analemba zonse, natseka buku.

"Mwamaliza, mayi? Ndimayesa mukufuna kuwulula kuti munapha munthu. Bukuli ndi la chifuwa, si la malire. Ndipo tikati aliyense wa mizu ya kutsidya akwere galimoto, agogo anga omwe awafukule, dalaivala nayenso akwere kumbuyo. Adzayendetse ndani?"

Kuchokera pansi pa nsungwi kunamveka phokoso limene poyamba anayesa chifuwa. Kunali kuseka.

Komabe a Americo sanatuluke asanapereke mawu awo. Anati galimoto sakwera, apita panjinga. Anati pakhomo pawo pasadzaimbidwenso nyimbo ngati afa kale. Anati azibwera munthu mmodzi, yemweyo, ndipo dzina lawo lisamatchulidwe panja. Mayi Nasoni anatembenukira kwa a Chester nafunsa ngati pali chimodzi mwa izi chimene chingalepheretse mankhwala kugwira ntchito. Mlangiziyo anaganiza, nati palibe.

Masana omwewo anawakweza panjinga atawakulunga mabulangeti awiri, a Chester akukankha, mayi Nasoni atawagwirira kumsana. Kuchipatala anapeza kuti chinalidi chifuwa chachikulu, ndipo kuzizira kuja kunali kutawonjezera chibayo. Kwa masiku asanu tinkangoyembekezera uthenga wa maliro. Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Americo anapempha phala.

Musaganize kuti mantha a mayi Nasoni anathera pa mtsinje paja. Kwa miyezi yonse imene ankayenda m'mawa uliwonse kukaonerera a Americo akumeza mapiritsi, galimoto ikamveka pamsewu ankapatukira m'tiyi mpaka idutse. Anali atamanga zovala zawo m'kathumba, kuti owatenga akabwera asadzachedwe. Palibe anabwera. Kathumbako anakamasula tsiku limene a Americo anauzidwa kuti achira.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu, wapampando analankhula koyamba ataima. Anati ulendo wa chigulu watha. Wodwala aliyense akhale ndi womusamalira mmodzi amene iye mwini wamuvomera. Kaundula azitsala m'chikwama mpaka mwini nyumba atalola. Ndipo tisanagwire sopo kapena mankhwala, tiziyamba takhala pansi n'kufunsa mafunso awiri: mukuopa chiyani, ndipo mukufuna tikuthandizeni motani?

"Zimenezo zitichedwetsa, amayi," anatero a Stella. "Odwala ndi ambiri."

"Kalongonda mumamudziwa, achemwali. Mukamuphula msanga chifukwa cha njala, amene mumafuna kumudyetsayo ndi amene mumamupweteka."

A Stella anaseka, nalemba. Pambuyo pake iwo ndiwo anakhala aluso koposa tonse pa kufunsa mafunso awiriwo, ndipo mayi Nasoni atakalamba anawasiyira mpando. Mafunsowo anatiwululira zimene nyimbo zathu zinkaphimba. Mayi wina ankakana kusambitsidwa chifukwa womusambitsayo anali mpongozi wake. Bambo wina sankafuna pemphero langa koma la shehe wa chipembedzo chake, ndipo tinapita kukamuitana. Inenso ndinaphunzira kuti pemphero lofuulidwa pakhomo lotseka likhoza kukhala mwala m'malo mwa mkate.

A Americo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Dengu limene mayi Nasoni amanyamulira beseni lawo pobwera kumsika analuka ndi a Americo. Mayiwa mpaka lero sakonda zolembera. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba za moyo wawo, anagwira nsonga ya chitenje. Kenaka anati, "Lembani, abambo. Ndipo mulembe kwathu kwenikweni, kutsidya kwa Muloza."

Malemba amationetsa kuti Mbusa wabwino satuma khamu la zibonga kukasaka nkhosa yotayika. Amapita yekha, ndipo nkhosayo imabwera chifukwa yadziwa mawu ake. Iye amene analemba mayina athu m'buku losachititsa mantha akudalitseni, mayi Eufemia, akusungeni m'dziko lino limene munalifika mukuthawa, ndipo mtima wanu ugone pansi ngati madzi a padziwe. Nanunso owerenga, amene mukusamalira wodwala kapena mukubisala pansi pa nsungwi zanu, Ambuye akutumizireni munthu wodziwa kukhala pansi ndi kudikira, ndipo akupatseni mphamvu yoyamba ndinu kuponda madzi pamene mbale wanu akuopa. Mtendere wa Mulungu ukhale pa nyumba zanu. Amen.