Akazi Anga Ananditsendera M'thumba la Thonje

Nthawi ya nkhondo, kwathu ku Ngauma thonje tinkalitsendera polowa m'thumba n'kumalipondaponda. Tsiku lina ndili m'thumbamo, anatulukira asilikali a Chipwitikizi ofuna amuna okawasenzera katundu kuthengo, komwe ena sankabwerako. Ndinangonyonyomala, akazi anga n'kundikwirira ndi thonje.

Msilikali wina atayandikira, mayiwo anatola musi n'kuyamba kutsendera ngati munthu wakhama pantchito. Phi paphewa, phi pamsana. Ine chete, misozi ili chuchuchu.

Phokoso la nsapato litazilala, ndinanong'ona kuti, "Apitatu, mayi."

"Ndawaona, bambo," anatero, musi ukutsikabe. "Koma thumbali silinadzaze bwino."

Kuthengo sindinapiteko, inde, koma sabata yonseyo ndinkagona chafufumimba.