A Ndapita Agona ku Hotela

A Ndapita anali wokonza mawailesi, ndipo dzina limeneli sanabadwe nalo. Analitola okha pakhomo pawo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za banja, akangosemphana pang'ono ndi akazi awo, ankadzuka n'kuvala chipewa. "Ine ndapita!" Akatero ankafika pageti, n'kuona kuti loko wachita dzimbiri, n'kubwerera kukatenga mafuta. Ana anakula akumva mawu amenewa, anakwatira n'kuchoka, bambo awo akadali kupita. Mumsewu monsemo munalibe geti lodya mafuta ngati lawo.

Masiku ano ndani amakonzetsa wailesi? Pa tebulo lalikulu la pabalaza panali mawailesi akufa mbwee, eni ake atawaiwala kalekale, koma a Ndapita ankawapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Tebulo lomwelo ndilo akazi awo ankasitirapo. Mayiwa ankachapa ndi kusita za anthu. Dengu linkalowa, dengu linkatuluka, koma bambowa sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti nsalu zonsezi n'za yani. Kwa iwo ntchito inali ya waya ndi sikuludiraiva basi.

Lolemba lina anapeza mawailesi asanu atatsitsidwa pansi, pa tebulo pali nsalu zoyera.

"Ndani wagwira katundu wanga?"

"Ndine, bambo. Awa salankhula, pansi sadandaula."

"Ntchito yake iti, yosisita nsaluyi? Ngakhale mwana angathe."

Mayi anaimika simbi, anawayang'ana, osayankha. Kusayankhako ndiko kunawawa. A Ndapita anaponya malaya awiri m'chikwama kuti awopseze, anavala chipewa, ananena mawu awo aja. Tsoka ilo, loko anali atamuthira mafuta dzulo lake. Chobwerera chinasowa. Anangozindikira ali mumsewu.

Kutali sakanafika, mawondo ankakana. Anadutsa misewu inayi n'kulowa dera lina la zii, la mitengo yambiri, kumene ngakhale agalu amauwa mwaulemu. Kumeneko kunali kahotela ka zipinda zisanu ndi chimodzi, nyumba ya banja imene anangoiwonjezera khonde ndi chikwangwani. Mwini wake anali mayi wamasiye woyenda ndi makiyi m'chiuno. Pa kauntala pankakhala achimwene awo a mayiyo, amene aliyense, ndi alendo omwe, ankawatchula a Malume.

"Mwachokera kuti, bambo?" anafunsa a Malume, cholembera chili m'manja.

"Kutali."

A Malume anayang'ana masilipasi a m'nyumba amene mlendoyo anavala. Kenako analemba m'buku ndi zilembo zikuluzikulu: KUTALI.

Tinene zoona, a Ndapita sankafuna kuthetsa banja. Ankafuna kufunidwa. Ankafuna akazi awo azungulire mzinda wonse, afunse m'zipatala, kenako atulukire pageti la hotela maso ali psuu. Koma pansi pa mtima panali mantha amene sakanauza munthu: bwanji ngati mayiwa angoona kuti tebulo lakula, osabwera?

Anawapatsa chipinda chachitatu. Munali bedi, mpando umodzi, ndi kabati imene chitseko chake chinkatseguka chokha munthu akatsokomola. Koma nsalu za pabedi, abale! Zoyera mbee, zosalala, mzere wopinda uli chilili. A Ndapita anazisisita ndi chikhatho mpaka tulo ta masana tinawaba.

Pahotelapo alendo ndi eni nyumba ankamwa tiyi pa tebulo limodzi. Lachiwiri m'mawa a Ndapita anapaka buledi batala, natsegula msonkhano.

"Mayi, amene amakusitirani nsalu ndi mmisiri. Kwathu kuli wina amati amasita. Akanabwera kuno adzaphunzire."

"Tidzamuuza mwini wake, bambo," anatero mayi a hotela. "Adzakondwa."

Pobwerera kuchipinda anapeza malaya a dzulo asowa. A Malume anawalongosolera kuti ndi lamulo la nyumbayo kuyambira nthawi ya malemu alamu awo: chilichonse chopachikidwa kuseri kwa chitseko chimapita kochapa, safunsa. Mlendo wina anapachikapo satifiketi ya m'pulasitiki, inabwera yoyera.

Tsiku lonselo a Ndapita anakhala pakhonde, maso ali pageti. Kuti asaoneke ngati akudikira, anapempha wailesi ya a Malume imene inasiya kulankhula chaka chatha, naifukula matumbo. Geti likalira, khosi linkatalika. Analowa wogulitsa mazira. Analowa wowerenga mita ya madzi. Analowa mphaka. Pofika madzulo wailesi inali ikuimba, koma mwini ntchitoyo mutu unali waa, chifukwa mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi anawasiya kunyumba pamwamba pa kabati. Kukawatenga kukanakhala kugonja. Anakhala pamenepo ali ndi chisoni chenicheni, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti akalamba.

Lachitatu m'mawa anapeza malaya aja ali pampando. Batani limene linaduka mwezi watha linali litasokedwa. Kabowo ka moto ka pathumba kanali katatsekedwa ndi ulusi wofanana. Anawavala n'kupita pa tebulo akuyenda ngati mkwati.

"Taonani kolala iyi, a Malume. Wosita ameneyu ali ndi mwamuna?"

A Malume anabisa nkhope m'nyuzipepala. Nyuzipepalayo inkagwedezeka.

"Ali naye," anayankha mayi a hotela, akuthira tiyi mosamala kwambiri.

"Ndiye mwamunayo azigwada pomuthokoza. Amuna ena sadziwa chimene ali nacho m'nyumba."

"Zoonadi, bambo. Sadziwa."

Pamenepo a Ndapita anamenya pachifuwa kutsimikiza mfundo, ndipo m'thumba munalira kanthu. Anapisa dzanja. Munali kapepala kopindidwa katatu, ngodya yake atailowetsa mkati, mmene munthu mmodzi yekha padziko amapindira. M'kapepalamo munali mapiritsi anayi, oyera awiri, ofiira awiri.

A Ndapita anabweza buledi m'mbale. A Malume anatuluka panja kukaseka bwino, kuseka kwake kunkamveka mpaka kumsewu.

"Ali kukhitchini," anatero mayi a hotela. "Amabwera m'mawa uliwonse. Amalowera khomo la kuseri, inu mukulondera la kumaso."

Anawapeza akazi awo atawerama, akupanikiza nsalu zakuda m'dengu. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwamwa mapiritsi?"

"Inu mayi, munadziwa kuti ndili kuno?"

"Kuyambira dzulo. Malaya onunkha waya wopsa mumzinda muno ndi a anthu angati?"

"Osandifuna?"

"Ndikafune kuti munthu amene malaya ake ali pa tebulo langa?" Anamanga mfundo pansalu. "Ndinawapempha mayi a hotelawa akusungeni mpaka Lachisanu, ndimalize makatani tebulo lili lopanda anthu."

A Ndapita anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Anaima pakhomo, kapepala kali m'manja.

"Lolemba munagona?" anafunsa motsitsa mawu.

Apa mpamene mayi anaweramuka. Anawayang'ana kuyambira chipewa mpaka masilipasi.

"Lolemba ndinafika zipatala ziwiri," anatero. "Imwani mapiritsiwo."

Anamwa ndi madzi a pampopi, ataimirira, ngati mwana. Kenako anakatenga chikwama, nabweza kiyi. A Malume, akupukuta misozi, anatsegula buku.

"Mlendo ndi mame, bambo. Ndilembe kuti mwalowera kuti?"

"Lembani zimene mukufuna."

Kuseri kwa nyumba mayi anali akupinda nkhata kuti asenze dengu. A Ndapita anawalanda nkhatayo, nawapatsa chikwama. Anagwira dengu ndi dzanja limodzi, dengu silinasunthe. Anagwira ndi awiri, nalikweza paphewa, mawondo akulira.

Anadutsa msewu woyamba bwinobwino. Pa wachiwiri thukuta linali litanyowetsa kolala yosita bwino ija. Pa wachitatu anatula dengu pansi pa mtengo, akupuma ngati athamanga.

"Limalemera chonchi masiku onse?"

"Lero lapepuka. Alendo achepa."

"Kuyambira liti mukusenza limeneli?"

"Chaka chimene anthu anasiya kubweretsa mawailesi."

A Ndapita anawerenga zakazo mumtima, zinakwana khumi ndi ziwiri. Anawerama, nakwezanso dengulo.